KATONI YA ZINTHU ZOLANDA

M'kabati ya kalasi imene timaphunzitsa kuno kwa Njewa muli katoni yakale ya sopo, imene tayenda nayo pa sukulu zitatu. Mphunzitsi aliyense wa pulayimale aidziwa katoni yotere, pakuti ndimo mosungira zinthu zimene talanda ana pa nthawi ya maphunziro. Mwathumu muli malegeni, magalimoto a mawaya ophwanyika, mabatire akutha, timababu ta tochi, ndi timamota tochotsa m'mawailesi akufa. Tidayamba uphunzitsi m'chaka cha 1994, pamene boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana adasefukira m'makalasi kuchoka pa chiwerengero chosafika 2 miliyoni kukafika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Munthu woima patsogolo pa ana oposa 100 sakhala ndi mpata wofunsa chimene mwana ali kuseweretsa pamiyendo pake. Amangolanda. Tidazolowera kulanda, ndipo zaka 30 tinkayesa kuti kutero ndiko kusunga mwambo.

Tsono tifuna kukuuzani za chinthu chimodzi chimene m'katonimo mulibe, chinkana chidayenera kukhalamo.

Mu Okotobala wa 2002, chaka chimene chidayamba ndi njala yoopsa ija, tinkaphunzitsa Sitandade 6. Dzuwa lidali litakwiyira malata, ana ali kuwodzera. Tili kulemba masamu pabolodi tidamva kulira ngati kwa njuchi kumbuyo kwa kalasi, ndipo potembenuka tidaona mitu isanu itaunjikana pamodzi. Mnyamata wina wa zaka 13, amene pa mayeso ankakhala cha kumapeto, adali atachotsa kamota m'wailesi ya kaseti yakufa, nadula mapiko anayi pa chitini, nawapinda pang'ono lililonse, namanga mabatire awiri ndi mphira wa chubu cha njinga. Kafani kameneka kankazungulira ndi kukupiza mphepo yeniyeni, anzakewo ali kulandirana kuikapo nkhope. Tidalanda. Tidampatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, ndipo tidanena pamaso pa kalasi yonse kuti wotaya nthawi ndi zinyalala adzakalamba ali kutola zinyalala. Madzulo ake, ndipo pano tichita manyazi ponena, mabatire aja tidawaika m'wailesi yathu kuti timvere nkhani, kotsalako tidakataya kudzala. Mwanayo adalemba mayeso a Sitandade 8 kawiri osasankhidwa, pambuyo pake tidangomva kuti adapita kutauni.

Chaka chomwecho, m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe ku Kasungu, William Kamkwamba, mnyamata wa zaka 14, adasiya sekondale chifukwa njala idasiya makolo ake opanda fizi. M'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulayimale adapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Ndi mitengo ya bulugamu, njinga yakutha, chokupizira cha thirakitala ndi mapaipi a pulasitiki owongola pamoto, adamanga makina opanga magetsi nayatsa babu m'nyumba ya kwawo. A m'mudzi ankati wapenga. Padapita zaka zinayi nyuzipepala isanalembe za iye mu 2006. Mu 2007 adakalankhula pa msonkhano waukulu ku Arusha, buku la moyo wake lidatuluka mu 2009, ndipo mu 2014 adatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Nkhani imeneyi taifotokozera ana athu kawirikawiri, tili kupukusa mutu ndi kudzudzula anthu a kwa Wimbe posazindikira mwana wanzeru ali pakati pawo. Sitidaganizepo n'kamodzi komwe za kafani kaja. Tidali anyani osekana zikundu.

Chimene chidatikumbutsa ndi mpikisano wa ana a sekondale, ndipo udalowa m'banja mwathu kudzera mwa mwana wa mlongo wathu.

Mlongo wathuyo ndi mayi wamasiye, amagulitsa matimati m'mphepete mwa msewu wa ku Mchinji. Mwana wake wamkazi amaphunzira pa sekondale yoyendera ya m'dera lathu lino, ndipo monga malume wake, zofunika za kusukulu zimagwa pa ife. Kumayambiriro kwa 2024, ali Fomu 2, adalowa kalabu ya sayansi. Aphunzitsi a kalabuyo adawauza kuti kumapeto kwa chaka sukulu zoyandikana zidzachita mpikisano wa zopangapanga, ndipo adawalangiza bwino ndithu: asakopere za m'mabuku, koma aliyense ayang'ane vuto limene lili pakhomo pa kwawo. Mwanayo sadafune kutali. Sabata iliyonse ankaona mayi ake ali kusankha matimati ofewa m'dengu ndi kuwagulitsa motaya, ena kuwapatsa nkhuku. Firiji alibe, ndipo angakhale akadakhala nayo, magetsi sadafike pa nyumba yawo.

Maganizo ake adachokera pa mtsuko wa agogo ake. Tonse tidziwa kuti madzi a mumtsuko wadothi amazizira kuposa a m'chidebe, koma ndi angati mwa ife adafunsapo chifukwa chake? Dothi lowotcha lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amatulukira m'menemo pang'onopang'ono, nauma akafika kunja, ndipo madzi akamauma pa chinthu amatenga kutentha kwa chinthucho napita nako mumpweya. Thukuta limatiziziritsa mwa njira yomweyo. Aphunzitsi ake adamuuza za mphunzitsi wina wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, amene m'zaka za m'ma 1990 adafalitsa njira yoika mphika waung'ono m'kati mwa waukulu, mchenga wonyowa pakati pake ndi nsalu yonyowa pamwamba, kuti alimi asunge ndiwo zawo masiku ambiri. Adalandira nayo mphotho ya Rolex m'chaka cha 2000. Mwana wathu adabwereka miphika iwiri, nakatapa mchenga kudambo, nabwereka choyezera kutentha kwa aphunzitsiwo, naikamo matimati 20 a mayi ake. Udali mwezi wa Febuluwale.

Adaola onse. Adaola msanga kuposa amene adatsala palichero, atamera nkhungu yoyera pamwamba. Mlongo wathu adabwera kunyumba kwathu madzulo atakwiya. "Achimwene," adatero, "mumlankhule mwana wanuyu. Sayansi yakeyi indidyera mpamba." Ife tidamlankhuladi, ndipo mau amene adatuluka m'kamwa mwathu sadasiyane kwenikweni ndi a 2002. Tidamuuza kuti mayeso a JCE ali pakhomo, kuti miphika siidzalembedwa pa setifiketi, ndi kuti ndalama zathu sitikutayira masewera. Adayankha mwaulemu, "Ndamva, amalume," maso ali pansi.

Matimati adaleka kuikamo, koma kuyeza sadaleke. Tidazindikira pambuyo pake kuti miphika ija adaibisa kuseri kwa khitchini, ndipo tsiku lililonse pobwera kusukulu ankathira madzi mumchenga, nayeza kutentha kwa kunja ndi kwa m'kati, nalemba m'kope lotsala la chaka chatha pamodzi ndi mmene kunja kudachera. Kope limeneli talitsegula nthawi zambiri kuyambira pamenepo, ndipo tinganene kuti m'zaka zathu zonse za uphunzitsi sitidachongepo ntchito ya mwana yoposa imeneyo. Masamba a Febuluwale ndi Malichi aonetsa madigiri 26 kunja ndi 24 kapena 25 m'kati, kusiyana kosathandiza kanthu. Mu Juni kusiyanako kuyamba kukula. Pofika Okotobala, kunja kuli 31 kapena 32, m'kati mwa mphika muli 23. Pansi pa tsamba lina adalemba ndi pensulo kuti zovala nazonso siziuma pachingwe nthawi ya dzinja. Pamenepo ndi pamene adagwira mutu wa nkhani: mpweya wa nthawi ya mvula umakhala utakhuta kale chinyontho, sungalandire madzi ena, madzi akapanda kuuma, kutentha sikuchoka, ndipo mphikawo umangosanduka chisa cha nkhungu. Chipangizo chake chimagwira ntchito m'miyezi youma ndi yotentha, imenenso matimati amafewa msanga padengu. Mayeso a JCE adakhoza bwino, tisaiwale kunena. Mu Okotobala mayi ake adalola kumbwereka matimati ena 20, ndipo a mumphika adafika tsiku la 11 ali olimba, pamene a palichero adayamba kufewa tsiku lachisanu.

Apa tsono ife tidalakwa kulakwa kwina, kosiyana ndi koyamba koma kochokera pa muzu womwewo. Titaona kuti chinthucho n'chenicheni, manyazi adatigwira poganiza kuti mwana wa m'banja la mphunzitsi akaima pamaso pa anthu ndi miphika iwiri yamwaye ndi chiguduli. Tidamva kuti sukulu zina zimalemba amisiri kuti awapangire zoonetsa. Loweruka lina tidamtenga mwanayo, tidakwera minibasi mpaka ku Biwi kumene kuli magalaja ndi owotcherera zitsulo, kuti tikapangitse kabati yachitsulo yopaka penti, ya zitseko ndi mashelefu, yooneka ngati firiji ya m'sitolo.

Mmisiri amene adatilozera adali bambo wa ndevu, wa anyamata atatu ophunzira ntchito pansi pake, mafelemu a mazenera atatsamira khoma. Adavula magalasi akuda, natiyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mwandiiwala kodi? Ndine uja wa kafani."

Tidafuna nthaka itatseguka. Iye adatipatsa mpando, natuma mnyamata kukagula zakumwa, ndipo titafotokoza chimene tidadzera adapempha kuona kope la mwanayo. Adalitsegula tsamba ndi tsamba, chala chili pa manambala, namfunsa mafunso amene ife sitidaganize kufunsa: madzi amathira angati pa tsiku, mphikawo umakhala padzuwa kapena pamthunzi, nanga mphepo imaupeza mbali zonse? Atamaliza adatembenukira kwa ife.

"Kabati ndikhoza kupanga, Aphunzitsi, ndalama zanu n'kulandira. Koma chitsulo sichituluka thukuta ngati dothi, ndiye chinthucho chidzaleka kuzizira. Ndipo oweruza akamfunsa mlongo wangayu chifukwa chake shelefu ili apa osati apo, adzayankha chiyani? Chinthuchi n'chake. Mukachiika m'manja mwanga mwamlanda."

Chimene adachita ndi kumpatsa mtsikanayo tepi yoyezera ndi choko, kuti ayeze yekha pansi pa mphika ndi kulemba pa chitsulo podula. Adawotcherera kachoikapo ka miyendo itatu, kokweza mphika kuti mphepo izipita ndi kunsi komwe, ndipo ndalama adakana. Tili kudikira kuti chitsulo chizizire adatiuza mau amene tawasinkhasinkha koposa ena onse. Adati ntchito ili m'manja ndipo banja lake silisowa chakudya, koma zitsulo zambiri waononga podula mongoyerekeza, ndipo makontirakiti aakulu amamdutsa chifukwa sangathe kuwerenga pulani ya injiniya kapena kuwerengera kulemera kumene denga lingasenze. "Masamu amene munkalemba pabolodi tsiku lija ndawafuna kambirimbiri. Mukadangondiuza kuti m'masamu momwemo muli chifukwa chimene mabatire anga ankathera msanga, bwenzi nditatchera khutu." Kenaka adafunsa, ali kumwetulira, ngati kafani kaja kadakalipo. Tidamuuza zoona zonse, ndi za wailesi zomwe. Adaseka mpaka misozi, anyamata ake ali kudabwa chimene chachitika.

Mpikisano udachitika mu Novembala m'holo ya sukulu ina, ndipo tidapempha tchuthi cha tsiku limodzi kuti tikaone. Makolo anzathu, mukamva kuti kwanu kuli chionetsero chotere, siyani khasu tsiku limodzi mupiteko. Padali anyamata oumba makala ndi makoko a mtedza ndi mapepala akutha, padali sefa ya madzi ya mchenga ndi makala, belu lolira lokha chitseko cha khola la mbuzi chikatsegulidwa usiku, ndi njinga yotchaja foni ndi dayinamo. Padalinso bokosi lokongola kwambiri loswetsera mazira, la magalasi ndi timagetsi tofiira, limene anthu onse adathamangira kukaona. Oweruza adali aphunzitsi awiri ndi mayi wina injiniya. Atafika pa bokosi lija mayiyo adafunsa mofatsa kuti dzira la nkhuku limafuna kutentha kotani, ndipo n'chiyani m'bokosimo chimene chimazimitsa moto kutenthako kukapitirira. Ana anayi ovala mataye adayang'anizana, kenaka onse adayang'ana aphunzitsi awo. Tidawamvera chisoni anawo, pakuti mlandu sudali wawo, ndipo tidadziwa mumtima kuti wathu akadaima chimodzimodzi pambali pa kabati yopaka penti.

Pa miphika ya mwana wathu oweruza adakhala nthawi yaitali, ndipo tsamba limene adaliyang'anitsitsa lidali la Febuluwale, la matimati oola. Adamfunsa chifukwa chake sadaling'ambe. Adayankha kuti popanda ilo sakadadziwa mwezi woyenera kuuza mayi ake kuti aleke kugwiritsa ntchito miphikayo. Adakhala wachitatu. Oyamba adali anyamata a makala aja, ndipo kudali koyenera, pakuti adayeza pa sikelo makala awo ndi makala a mitengo, nawiritsa madzi ofanana pa mbaula imodzi, nalemba mphindi zake maulendo 10. Mphotho ya wathu idali kakyuleta ndi makope.

Pobwerera tidalingalira zambiri, ndipo si zonse zokoma. Mipikisano yotere ilipo ndithu m'dziko muno. Chionetsero cha sayansi cha sukulu za dziko lonse chakhala chikuchitikira pa Kamuzu Academy ku Mtunthama, mtunda waufupi kuchokera kwa Wimbe kumene Kamkwamba adakhala zaka zinayi makina ake ali kuzungulira popanda wa kunja wodziwa. Ubwino waukulu wa mpikisano ndi umenewu, kuti umaika tsiku ndi malo pamene anthu odziwa amabwera dala kudzafunsa mwana za ntchito ya manja ake. Kunja kuli yaikulu koposa. Wa maloboti wotchedwa FIRST Global Challenge udayamba mu 2017 ku Washington, ndi magulu a achinyamata a zaka 14 mpaka 18 ochokera m'maiko oposa 150, ndipo achinyamata a kwathu kuno nawonso akhala akupitako. Chaka choyambacho maloboti ankapikisana posiyanitsa timipira tobiriwira ngati thambo, toimira madzi abwino, ndi tachikasu chofiirira, toimira zonyansa za mumtsinje. Chimene chidatikondweretsa pomva za mpikisano umenewo ndi lamulo lake lakuti gulu lililonse, la dziko lolemera kapena losauka, limalandira bokosi lofanana la zipangizo, kotero kuti chopikisana ndi mutu wa ana, osati thumba la makolo.

Kwathu kuno lamulo lotere kulibe, ndipo apa pagona dandaulo lathu. Sekondale zoyendera, zimene zidakhazikitsidwa mu 1998 kuchokera ku malo ophunzirira a makalata aja, ndizo zimalandira ana ambiri a anthu wamba, koma zambiri zilibe labotale, ndipo choyezera kutentha chimodzi chimayenda manja a kalabu yonse. Mwana wa sukulu yotere angakhale atapambana kwawo, ndalama ya galimoto yonyamula iye ndi katundu wake kupita ku mpikisano waukulu imasowa. Tikadakhala ife okonza, tikadaika malire a ndalama zimene chinthu choonetsa chingadye, ndipo tikadalamula kuti kope la miyeso likhale ndi theka la mamalikesi, pakuti kope la miyezi isanu ndi itatu silingagulidwe ku Biwi. Chinanso n'chakuti mphotho zikaperekedwa, zinthu zambiri zopambana zimakathera mu ofesi ya ahedi pamwamba pa kabati, fumbi lili mbuu, kufikira chiswe chitazipeza. Ndi kawirikawiri mlendo amazionetsedwa, koma ndi kamodzikamodzi munthu amafunsa ngati zingagwire ntchito pakhomo pa wina.

Za mwana wathu sizidathere pakabati. Chilimwe chotsatira mlongo wathu adaumbitsa miphika ina inayi kwa mayi wina woumba, ndipo matimati a mawa amagona m'menemo kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pamene mwini wake wa nzeruzo amalamula kuti ikhuthulidwe ndi kuvundikiridwa. Anzake a pamsewu awiri atengerako. Mtsikanayo amanena za kukaphunzira uinjiniya ku yunivesite ya sayansi ya ku Thyolo, imene idatsegulidwa mu 2014. Ngati mapointi adzalola sitidziwa, ndipo za fizi timagona tili kuwerengera.

Kwa inu achinyamata owerenga tsamba lino tili ndi pempho limodzi lokha: gulani kope, ndipo tsiku limene chinthu chanu chakana kugwira ntchito lembani tsikulo, ndi chimene mudachita, ndi chimene mudaona. Kwa makolo sitiyesa kulangiza zambiri, popeza mwaona kale mbiri ya wolangizayo. Ife tidalanda mwana mmodzi chinthu chake pochitaya kudzala, ndipo tidatsala pang'ono kulanda wachiwiri pomgulira chokongola.

Teremu yapitayi tidapempha ahedi kuti Lachisanu lililonse ana a Sitandade 6 ndi 7 azitsalira ola limodzi ataweruka. Mmisiri wa ku Biwi uja adavomera kubwera kamodzi pa mwezi, pa njinga yake yamoto, atanyamula pulayala, mawaya ndi mabatire. Tsiku loyamba tidatulutsa katoni ija m'kabati, tidaikhuthulira patebulo pamaso pa ana 60, ndipo tidanena kuti aliyense amene aona chinthu chake abwere adzatenge, atiuze mmene adachipangira. M'kalasi mudangoti zii. Ankayesa kuti ndi msampha, kuti wodzuka akakumba dzenje. Mmisiriyo adatola galimoto ina ya mawaya, naizunguza m'manja, nayamikira mmene chiwongolero chake chidalumikizidwira ku mawilo akutsogolo, koma mwini wake sadaoneke, mwina adachoka pa sukulu zaka zambiri zapitazo. Patapita nthawi kamtsikana kena ka pa benchi ya kumbuyo kadakweza dzanja pang'onopang'ono, kali kuyang'ana anzake.

"Aphunzitsi, kamota kofiirako n'kanga. Mudandilanda mu Meyi."